Mfuti ya agogo ikamaphonya chandamale: kakonzedwe ka zolozera za .303

M'nyumba zina za mu Chipata muno, ndi m'mafamu a ku Chipangali, ku Kasenengwa ndi njira ya ku Chadiza, mukadali mfuti zakale za asilikali zimene ambiri amangozitchula ndi nambala, .303. Dzina lake lenileni ndi Lee-Enfield. Ndi mfuti imene asilikali a Northern Rhodesia Regiment, pamodzi ndi anzawo a King's African Rifles ochokera ku Nyasaland, ananyamula pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, kuyambira ku Somaliland mu 1940 mpaka m'nkhalango za ku Burma. Ena mwa anyamata amenewo analembedwa usilikali konkuno, tauni ino ikutchedwabe Fort Jameson. Magulu ankhondo atayamba kugwiritsa ntchito mfuti zamakono, zakalezi zinapita m'manja mwa alimi, alenje ndi alonda a nyama zakutchire, ndipo zina zafika kwa adzukulu.

Dandaulo la adzukuluwo limakhala limodzimodzi. Munthu walunjika bwinobwino pakati pa chandamale, wakhethemula, koma chipolopolo chadutsa pamwamba kapena chagwera kumbali. Zikatero kawiri katatu amati mfuti yatha, basi n'kutenga hamala ndi tupa kuyamba kugogoda zolozera. Chonde musafulumire choncho. Kawirikawiri vuto limakhala pa wowombera mwini, pa sikuluwu yomasuka, kapena pa kusadziwa kuti mfutiyi anaipangira kumenya patali. Zolozera ndi zomaliza kuzikhudza, ndipo mukafika pozikhudza muzisuntha pang'ono zedi, mutawerengera kaye.

Tiyambe ndi mapepala, pakuti popanda iwo zonse ndinenezi si zanu. Lamulo la mfuti la dziko lino, Firearms Act, Chapter 110 ya malamulo a Zambia, limafuna kuti wosunga mfuti kapena zipolopolo akhale ndi laisensi ya dzina lake, ndipo mfutiyo ikhale yolembedwa ku Central Firearms Registry. Laisensi si chuma cha masiye. Ngati inali ya malemu atate anu, inuyo simungawombere nayo. Pitani ku polisi ya Chipata Central kapena yapafupi ndi kwanu, mukafotokoze kaye chimanjamanja, iwo akuuzani kabweretsedwe ka mfutiyo ndi mafomu oyenera. Ikakhala yopanda pepala lililonse, kaiperekeni. Kuyambira 2017 bungwe la African Union linapatula mwezi wa Sepitembala chaka chilichonse kuti anthu azipereka zida zosaloledwa mosaopa mlandu. Dziwaninso kuti laisensi ya mfuti si chilolezo cha ulenje. Za nyama zili pansi pa Zambia Wildlife Act ya 2015 ndi Department of National Parks and Wildlife, ndipo wolowa ndi mfuti ku Lupande kapena ku South Luangwa popanda chiphaso akudziitanira ndende. Pano tikunena za pepala lomatidwa pa katoni.

Si mfuti yakale iliyonse yoyenera kuliranso. Yang'anani pachitsulo ndi pamtengo. Mukaona zilembo DP, imeneyo asilikali anaichotsa pa ntchito kalekale n'kuisiya yophunzitsira perete yokha. Musaikemo chipolopolo ngakhale ikuoneka yatsopano. Gogodela ya agogo, ija yothira wonga kukamwa, isiyeni ipume. Zambiri mwa izo anaziika padenga zili ndi wonga m'kati, ndipo wonga wouma umaphulikabe patapita zaka makumi ambiri, choncho musaiyandikize ku moto kapena kuisuzumira kukamwa. Chimodzimodzi Martini-Henry, yolowa chipolopolo chimodzi, imene asilikali a Britain anayamba kugwiritsa ntchito m'zaka za m'ma 1870: anaipangira wonga wakuda, osati wamakono. Palinso ina yosokoneza anthu, Ishapore 2A1 ya ku India. Maonekedwe ake ndi a .303, koma imalandira zipolopolo za 7.62. Werengani zolembedwa pachitsulo musanagule chipolopolo ngakhale chimodzi.

Yanu ikakhala .303 yeniyeni yokhala ndi laisensi, ipite kaye kwa mmisiri wa mfuti wovomerezeka. Wowotcherera mageti kapena wokonza njinga, ngakhale ali ndi luso lotani, si wa ntchito imeneyi. Mmisiriyo aone m'kati mwa mpope ngati mizere yake yopota ikadalipo ndiponso ngati mulibe potupa. Aone ngati nambala ya pa bolt, chitsulo chija mumakoka polowetsa chipolopolo, ikufanana ndi nambala ya pa thupi la mfuti. Chachikulu, ayeze mpata wa pakati pa nkhope ya bolt ndi thako la chipolopolo. Mpata umenewu ukakula, khoko la chipolopolo limang'ambika ndipo mpweya wamoto umabwerera kumaso kwanu. Ndi maso okha simungauone, pamafunika tizitsulo toyezera. Apolisi oyang'anira za mfuti kapena sitolo yovomerezeka akulozerani mmisiri. Ngati kuli koti mupite ku Lusaka, ndi ulendo woposa makilomita 550 pa Great East Road: tsiku lopita, tsiku la ntchito, tsiku lobwerera, kuphatikiza pogona. Pa ntchito yonseyi ndalama yaikulu ili pamenepa, koma mumalipira kamodzi, ndipo ine sindingalole mwana wanga kuika tsaya pa mfuti ya zaka 80 imene sinayezedwe.

Tsopano zindikirani mtundu wa mfuti yanu, chifukwa mawerengedwe ake amasiyana. Yoyamba ndi No. 1 Mk III, imene inayamba ntchito mu 1907. Mtengo wake umafika mpaka kukamwa, mphuno yake ndi yobuntha, ndipo cholozera chakumbuyo chili pakati pa mpope: kachitsulo kathyathyathya kokhala ndi kampata koyang'anirapo, kolembedwa manambala kuyambira 2 mpaka 20. Yachiwiri ndi No. 4, imene inafala kuyambira 1941. Mpope wake umatulukira pang'ono kutsogolo kwa mtengo, ndipo cholozera chakumbuyo chili pafupi ndi diso lanu, kabowo kosuzumiramo. Pa No. 4 zina pali kamakwerero koimika kolembedwa 2 mpaka 13, pa zina pali mabowo awiri okha otembenuza, 300 ndi 600. Zonse ziwiri kutsogolo zili ndi kadzino kachitsulo kotetezedwa ndi makutu awiri.

Manambala amenewa ndi mayadi, osati mamita, ndipo 2 akutanthauza mayadi 200, amene ndi mamita 183. Apa ndi pamene pagona chifukwa chimene mfutizi zimamenyera pamwamba. Chipolopolo sichiyenda mowongoka. Chikangotuluka chimayamba kugwa, choncho mpope umaloza m'mwamba pang'ono kuti chikwere kaye kenako chitsikire pa chandamale. Nambala yotsikitsitsa pa zambiri mwa mfuti izi ndi mayadi 200, pamene ambirife timawombera pa mamita 50 kapena 100, chipolopolo chikadali pamwamba pa mzere wa diso. Mfuti yabwinobwino, cholozera chili pa 2, imamenya pafupifupi masentimita 2 pamwamba pa malo amene mwalunjika mukakhala pa mamita 25, ndipo pafupifupi masentimita 8 mukakhala pa mamita 100. Kabowo kakakulu ka No. 4, kaja kamaoneka kamakwerero katagona, ndi ka mayadi 300, ndipo pa mamita 100 kamakweza chipolopolo masentimita 15 kapena kuposa. Mukaona zoterezi, mfuti yanu sinalakwe. Ikuchita zimene anaipangira.

Zofunika kukonzekera ndi zapakhomo pomwe. Pezani makatoni awiri aakulu, mapepala oyera, cholembera chakuda chonenepa, pensulo, lula, tepi yoyezera kapena chingwe choyezeratu mamita 25, matumba awiri odzaza mchenga mpaka pakati, mphasa, ndi kabuku kolembamo. Gulani magalasi oteteza maso ndi zotseka m'makutu m'masitolo a zomangira. Thonje wamba silokwanira, ndipo makutu akagontha ndi .303 sabwereranso. Muwonjezere hamala yaing'ono, kachitsulo ka mkuwa kogogodera, ndi sikuludiraiva yokwana ndendende m'mitu ya masikuluwu. Zonsezi mtengo wake ndi wochepa. Chodula ndi zipolopolo. Konzekerani 30, ndipo funsani mtengo wa lero kwa wogulitsa wovomerezeka, laisensi ili m'manja, muchulukitse ndi 30 musanaganize zoyamba. Zikhale za kampani imodzi ndi kulemera kumodzi. Zolozera za mfutizi anazilinganiza ndi chipolopolo cha asilikali cha Mk VII, cholemera magireni 174; za m'sitolo zambiri ndi za magireni 150 kapena 180, ndipo mtundu uliwonse umagwa pakepake. Mukasakaniza, mukhala mukuthamangitsa mabowo tsiku lonse. Zipolopolo zotola, zobiriwira ndi nguwe, kapena zogula kwa munthu wa m'njira, zikaneni. Nthawi yake patulani madzulo amodzi kunyumba ndi m'mawa umodzi wathunthu kowombera.

Za malo musadzisankhire nokha. Funsani apolisi kumene mungaloledwe kuwombera, ndipo ngati kuli bwalo la chandamale lovomerezeka, pitani kumeneko. M'tauni, kaya ku Kapata, ku Mchini kapena ku Nabvutika, musayerekeze. Chipolopolo cha .303 chikaphonya chimatha kuuluka pafupifupi makilomita 3, ndipo chimafika chikadali ndi mphamvu yopha. Mapiri ozungulira Chipata amanyenga. Munthu amaona Kanjala n'kuganiza kuti phiri ligwira chipolopolo, pamene thanthwe limachinjanjitsa n'kuchiponya kwina, ndipo kuseri kuli nyumba za anthu. Mukaloledwa pa famu, kumbuyo kwa chandamale kukhale chulu chachikulu kapena khoma la dothi lofewa lopanda miyala, lotalika kuposa munthu, katoni ili m'munsi mwake. Uzani amfumu ndi oyandikana nawo tsiku lisanafike. Yendani nokha kuseri kwa chuluko mukaone ngati kulibe kanjira ka kudimba, amayi otola nkhuni kapena anyamata oweta ng'ombe. Mutenge mnzanu wamkulu mmodzi woti maso ake azikhala kutchire, osati pa katoni. Miyezi yabwino ndi Meyi mpaka Julayi, m'mamawa mphepo isanadzuke. Mphepo ya Ogasiti imakankha chipolopolo, dzuwa la Okutobala limavinitsa chandamale m'maso, ndipo nthawi ya dzinja chimanga ndi udzu zimabisa anthu. Mowa ayi, ngakhale wa dzulo lake.

Madzulo a kunyumba aja, chotsani magazini, tsegulani bolt, muone ndi maso ndi chala kuti mulibe kanthu. Chitani zimenezi nthawi iliyonse mukaigwira, ngakhale munaisiya nokha mphindi zapitazo. Kenako yesani masikuluwu. Yofunika kuposa onse ndi yaikulu ya kutsogolo kwa magazini, imene imamanga chitsulo ku mtengo. Ikamasuka, mpope umagona mosiyana pa kuwombera kulikonse ndipo palibe cholozera chingakonze zimenezo. Imangeni mpaka ilimbe, osachita kuikakamiza. Gwedezani cholozera chakumbuyo ndi kadzino kakutsogolo ndi chala. Chikamagwedera, ntchito ndi ya mmisiri. Onani mtengo ngati uli ndi ming'alu kapena mabowo a chiswe. Musaphwasule mtengowo chifukwa chongofuna kuona. Pa No. 1 Mk III, womasula bawuti ya kuthako asanachotse mtengo wakutsogolo amaung'amba, ndipo wina wotere simuupeza pa Saturday Market. Pomaliza pukutani mafuta onse m'mpope ndi m'chipinda cha chipolopolo. Khoko limayenera kugwira makoma a chipindacho powomba. Pakakhala mafuta limaterereka n'kukankha bolt ndi mphamvu yoposa muyezo.

Mukafika pamalo, yezani mamita 25 ndi tepi, osati ndi mapazi. Pakati pa pepala jambulani kabokosi kakuda ka masentimita 5 mbali zonse. Musanawononge chipolopolo, chotsani bolt monga anakuonetserani mmisiri, gonekani mfuti pa matumba a mchenga, musuzumire m'mpope kuchokera kumbuyo mpaka kabokosi kakuda kaonekere pakati pa bowo. Osaigwedeza, kwezani diso muyang'ane pa zolozera. Ngati zikuloza pafupi ndi kabokosiko, muli pabwino. Ngati zikuloza kutali ndi katoni yomwe, pali chopindika, bwererani kwa mmisiri. Kadzino kakakhala kopukutika mpaka kunyezimira, kadetseni ndi mwaye wa kandulo kapena wa koloboyi. Kunyezimira kumanamiza diso, ndipo mabowo amasuntha dzuwa likamasuntha.

Bwezerani bolt, ikani cholozera pa 2, valani magalasi ndi zotseka m'makutu. Gonani chafufumimba pa mphasa. Mtengo wakutsogolo ukhale pa thumba la mchenga, pamalo amodzimodzi nthawi zonse. Chitsulo cha mpope chisagunde thumba, ndipo musatsamiritse mfuti pa mwala kapena pa chitsa, chifukwa imadumpha. Thako likhale lolimba paphewa, tsaya pamalo amodzi. Pa No. 1, nsonga ya kadzino ikhale pakati pa kampata ndiponso yolingana ndi mapewa a kampatako. Pa No. 4, ingosuzumirani m'kabowo, diso lokha limaika nsonga pakati. Diso lanu ligwire kadzino, chandamale chizioneka mwachimbuuzi pang'ono. Ambiri amalakwa apa poyang'anitsitsa pepala. Ikani nsonga ya kadzino m'munsi mwenimweni mwa kabokosi kakuda, pamene kuda kukuthera, popeza pamenepo mpamene diso limabwererapo mosaphonya. Mfuti isapendekeke. Tulutsani mpweya pang'ono, imani, finyani chokhethemulira. Cha Lee-Enfield chimabwera pawiri: chimayenda mofewa, chimaima, kenako mukawonjezera pang'ono mfuti imalira. Musachikoke modzidzimutsa.

Lowetsani chimodzichimodzi, muwombere zisanu, mukupuma mphindi imodzi pakati. Ngakhale choyamba chigwere pakona ya pepala, musasinthe polunjika pofuna kuchibweza. Panopa simukufuna kumenya pakati. Mukufuna kuona ngati zisanuzo zigwere pamodzi. Mukatha tsegulani bolt, muisiye chotsegula, mfuti igone pansi, ndipo pokhapo mupite ku katoni. Wina akakhala kutsogolo, mfuti isakhudzidwe ndi aliyense.

Ikani bokosi la machesi pa mabowowo. Likawaphimba onse kapena kutsala limodzi, inu ndi mfuti mukugwirizana, tingapitirire. Akamwazikana pepala lonse, zolozera zisiyeni. Mabowo otsetsereka kuchokera pamwamba kupita pansi kawirikawiri amanena za kapumidwe kanu kapena mtengo womasuka. Omwazikira m'mbali amanena za chala chokoka mwankhanza kapena mfuti yopendekeka. Ogwera pansi mosalongosoka ndi a munthu woopa kugunda kwa mfuti, amene amatsinzina n'kukankha phewa isanalire. Si zamanyazi, .303 imagunda ndithu. Pindani thaulo paphewa, mupume, muyesenso. Ngati pali mnzanu wa laisensi wodziwa kuwombera, ayese iye. Akasonkhanitsa mabowo, mwadziwa kuti chofunika kukonza si chitsulo.

Mabowo akasonkhana, pezani pakati pake. Lembani mzere wopingasa wodutsa pa bowo limene lili ndi awiri pamwamba ndi awiri pansi. Lembani wina woimirira wodutsa pa bowo limene lili ndi awiri kumanzere ndi awiri kumanja. Pokumana mizereyo ndiye pamene mfuti yanu ikumenya. Yezani ndi lula kuchoka pamenepo kufika pamene munalunjika, m'mbali payekha, m'mwamba payekha, mulembe m'kabuku. Kumbukirani kuti masentimita 2 a m'mwamba ndi oyenera kukhalapo. Kumbukiraninso kuti cholakwa cha pa mamita 25 chimakula kanayi pa mamita 100.

Lamulo la kasunthidwe ndi ili, ndipo lilembeni pachikuto cha kabuku. Cholozera chakumbuyo chimapita kumene mukufuna kuti chipolopolo chipite. Kadzino kakutsogolo kamatsata kumene chipolopolo chalakwira. Mabowo akagwera kumanzere, kadzino kapite kumanzere. Mukatero, pofuna kukabweza pa chandamale mudzatembenuzira kamwa la mfuti kumanja, ndipo chipolopolo chitsatira. Akagwera pamwamba, pakufunika kadzino kotalikirapo. Kumanzere ndi kumanja kumeneku ndi kwa munthu amene ali kumbuyo kwa mfuti. Ambiri amazungulira kupita kutsogolo kukagogoda, manja n'kusinthana, cholakwa n'kuwirikiza kawiri. Jambulani kamuvi ndi pensulo pa khutu lachitsulo mukadali kumbuyo. Pa mfuti zambiri za mtunduwu cholozera chakumbuyo sichiyenda m'mbali. No. 1 Mk III zoyambirira zinali ndi kagudumu kotero, koma pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse anakachotsa pofuna kupanga mfuti mwachangu. Choncho ntchito ya m'mbali imagwera kadzino.

Musunthe motani? Tengani kukula kwa cholakwa, muchulukitse ndi mtunda wa pakati pa zolozera ziwiri, mugawe ndi mtunda wa ku chandamale, zonse m'mamilimita. Pa No. 4 zolozera zatalikirana pafupifupi mamilimita 730, pa No. 1 pafupifupi 490. Tinene kuti pa mamita 25 mabowo agwera mamilimita 25 kumanzere. Pa No. 4, 25 kuchulukitsa ndi 730, kugawa ndi 25,000, yankho ndi 0.73. Pa No. 1 yankho ndi 0.49, theka la milimita, pafupifupi kukhuthala kwa chikhadabo chanu. Onani kuchepa kwake. Amene amamenya ndi hamala mpaka kadzino kaoneke kuti kayenda amakhala atapitirira katatu kapena kanayi.

Chotsani bolt ndi magazini. Lembani kamzere kopyapyala ka pensulo kodutsa pa tsinde la kadzino ndi pa chitsulo chimene kakhalamo, kuti muziona mmene kayendera. Pa No. 4 zina pali kasikuluwu kutsogolo kogwira kadzino. Mukagogoda musanakamasule muthyola zinthu, ndipo mutu wake umafuna chomasulira chakechake. Gonekani mfuti cham'mbali, chitsulo chogwira kadzino chitsamire pa thabwa lolimba, mnzanu agwire. Kachitsulo ka mkuwa kakhale pa tsinde, osati pa kadzino penipeni, ndipo musagwiritse msomali kapena chitsulo cholimba chimene chingasiye zipsera. Gogodani kamodzi mopepuka, muyang'ane mzere wa pensulo. Ngati makutu achitsulo akutchinga, makamaka pa No. 1 imene mphuno yake imafuna kuchotsedwa, kapena kadzino kagwidwa ndi dzimbiri, donthezani mafuta, mudikire, ndipo kakakanabe musalimbane nako. Amisiri ali ndi chida chokankha kadzino ndi sikuluwu popanda kumenya. Kakayenda, womberani zina zisanu, muyezenso. Kawiri kapena katatu zimakwana. Mukaona kuti kadzino kafika kumapeto koma mabowo akadali kumbali, vuto lili pa mtengo umene ukukankha mpope kapena pa kamwa lodyeka.

Za m'mwamba ndi m'munsi zili ndi njira yake. Mfuti ikamamenya pansi, kwezani cholozera chakumbuyo mpaka mabowo afike, mulembe nambalayo. Ikamamenya pamwamba cholozera chili kale pa 2, kumbuyo kulibenso kotsikira. Opanga anadziwa zimenezi, ndipo anapanga timano totalika mosiyanasiyana, kalikonse kodindidwa nambala pa tsinde, monga .015, .030 kapena .045. Kusiyana kwa kamodzi ndi kotsatira ndi mamilimita 0.38, ndipo kumatsitsa mabowo pafupifupi masentimita 5 pa mamita 100 pa No. 4, kapena pafupifupi 8 pa No. 1. Werengani nambala ya kanu, muuze mmisiri kuti mukufuna kokwera ndi masitepe angati. Kakaleko kasungeni m'kabotolo, ndi ka mfutiyo. Kupala cholozera chakumbuyo ndi tupa, kuwotcherera kachitsulo pamwamba pa kadzino, kapena kuboola thupi la mfuti kuti muikepo galasi, zonsezi ndikukuletsani. Chitsulo chopalidwa sichimeranso, ndipo mfuti imene yadutsa nkhondo ili yathunthu siyenera kulumala m'manja mwathu chifukwa cha masentimita 8. Kadzino kena kakasowa, njira yaulere ilipo: jambulani chandamale chachikulupo, muzilunjika m'munsi mwa kuda, chipolopolo chizigwa pakati.

Za pa mamita 25 zikakhala bwino, mpope uzizire mpaka muthe kuugwira ndi dzanja, kenako pitani pa mamita 100 ndi chandamale cha masentimita 20. Womberani zisanu, muyeze, mukonze pang'ono ngati pakufunika, mutsimikize ndi zisanu zomaliza. Mfuti ya msinkhu uwu ikasonkhanitsa zisanu m'malo a masentimita 10 mpaka 15, yachita bwino, musaifunse zambiri.

Pali zizindikiro zoti mukaziona muleke pomwepo. Mukakhethemula koma osalira, musatsegule bolt. Khalani chilunjikire ku chulu, muwerenge mpaka 60, chifukwa zipolopolo zakale zina zimachedwa kuyaka. Ikalira mofooka kusiyana ndi nthawi zonse, chotsani bolt musuzumire m'mpope. Mutu wa chipolopolo ungakhale watsakamira, ndipo chotsatira chingaphulitse mpope. Tolani khoko lililonse muliyang'ane. Mng'alu, mzere wowala wozungulira pafupi ndi thako, kapena bolt youma potsegula, zonsezi zikunena kuti mfuti ibwerere kwa mmisiri. Bowo la papepala likakhala lalitali m'malo mozungulira, chipolopolo chikuuluka chopingasa, kutanthauza kuti mpope wadyeka kapena sukugwirizana ndi mtundu wa zipolopolozo.

Tsukani tsiku lomwelo, musagone. Zipolopolo zambiri zakale za asilikali zimasiya mchere m'mpope, mafuta sausungunula, ndipo chinyezi chikabwera dzimbiri limayamba usiku umodzi. Chotsani bolt, lozetsani kamwa pansi, thirani ketulo ya madzi owira kudzera pa fanulo kuchokera kumbuyo, osanyowetsa mtengo. Kutentha kumaumitsa chitsulo chokha. Pititsani kansalu kouma, kenako kamafuta. Chingwe chokokera kansalu, chimene mwina muchipeza m'kachitseko ka kuthako pamodzi ndi kabotolo ka mafuta, chizituluka mowongoka. Chikamakhuza m'mphepete mwa kamwa chimalidya pang'onopang'ono, ndipo mfuti zambiri zinasiya kulunjika chifukwa cha chingwe. Mafuta akhale a mfuti kapena a makina osokera, osati ophikira, amene amauma n'kumata. Suzumiraninso m'mpope mawa lake ndi mkuja.

M'kabuku lembani tsiku, mtundu wa zipolopolo, mtunda, nambala ya cholozera chakumbuyo ndi ya kadzino, kuti mukadzasintha zipolopolo mudzadziwe poyambira. Mfuti ikhale m'kabati yachitsulo yokhoma, bolt ndi zipolopolo zikhale pena pokhomanso, makiyi ali ndi inu nokha, osati pansi pa pilo pamene ana amadziwa. Musanatseke kabatiyo, onani tsiku limene laisensi yanu ikutha, mukaikonzenso nthawi ikadalipo.